Chitsulo chichoke kuchiboda cha kavalo, nanga mpeni agwire ndani?

Ku Britain, kukhoma chitsulo kuchiboda cha kavalo usanalembedwe m'kaundula wa amisiri a ntchitoyi ndi mlandu. Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1975, ndipo kuti dzina lilowe m'kaundulamo munthu amasula zitsulo ndi kuwerama pansi pa akavalo kwa zaka pafupifupi 4 ali m'manja mwa mmisiri wovomerezeka, kenako n'kukhoza mayeso. Koma lamulo lomwelo silikhudza munthu amene akungowenga chiboda popanda cholinga chokhomapo chitsulo. Mwini kavalo angathe kugula tupa ndi mpeni lero, mawa n'kuyamba kusema phazi la chiweto chake, popanda womufunsa kumene anaphunzira.

Anthu ochita zimenezi achuluka pa zaka 30 zapitazi, ku Britain komweko, ku America, ku Germany ndi ku Australia. Amazula zitsulo zimene akavalo awo akhala akuvala, n'kuwasiya kuti aziyenda ndi ziboda zokha, ndipo ambiri amafuna kuphunzira kuwenga okha. Iwo amati akumasula kavalo ku chizolowezi chimene chamupweteka kwa zaka mazanamazana. Amisiri okhoma zitsulo pamodzi ndi madokotala ena a ziweto amati anthuwa akuseweretsa miyendo ya nyama yosatha kudandaula. Mkanganowu umafika potentha, ndipo chimodzi mwa zoutenthetsa n'chakuti anthu amasakaniza mafunso awiri. Loyamba: kodi kavalo amafunikadi chitsulo? Lachiwiri: kodi munthu wongoyamba kumene ayenera kuwenga yekha? Mafunso awiriwa sayankhidwa mofanana.

Chimene akulimbirana

Kavalo amaima pa chala chimodzi mwendo uliwonse, ndipo chiboda ndi chikhadabo cha chala chimenecho. Kunja kuli khoma lolimba losamva ululu, limene limamera kuchokera pamwamba, pamene pathera ubweya, n'kumatsika mamilimita 6 mpaka 10 pamwezi. Kuti khoma latsopano lifike pansi kutsogolo kwa chiboda pamapita miyezi 9 mpaka 12. Mukanyamula phazi mumaona pansi pake pokumbika pang'ono, ndipo chakumbuyo, pakati pa zidendene, pali mnofu wolimba koma wofewerapo, wa makona atatu, wotchedwa frog. M'kati mwa zonsezi muli fupa lomaliza la mwendo, lolenjekeka kukhoma ndi timinofu topyapyala mazanamazana, tolukanalukana, todzaza magazi. Kavalo wa makilogalamu 500 akamathamanga, pamakhala kamphindi pamene thupi lonselo limatsamira pa chiboda chimodzi. Chotchinga pakati pa fupa lija ndi mwala wa panjira ndi pansi pa chiboda pokha, pochindikala sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono.

Chitsulo chimakhomedwa ndi misomali 6 mpaka 8 yolowa m'mphepete mwa khoma n'kutulukira kunja, ndipo mmisiri akailunjika bwino kavalo samva kupweteka. Popeza chiboda chovala chitsulo sichidyeka pomwe chikupitirira kukula, pakatha milungu 4 mpaka 8 chitsulo chimazulidwa, chiboda n'kuwengedwa, chitsulo n'kubwezeredwa. Tsono kuwenga amawenga onse. Amasiyana pa zimene zimatsatira, ndiponso pa dzanja logwira chida.

Akuti chitsulo chichoke

Mbali imeneyi imayambira pa mbiri. Anthu anakwera akavalo kwa zaka masauzande chitsulo cha misomali chisanafale. Xenophon, msilikali wa ku Greece amene analemba za kasamalidwe ka akavalo zaka zoposa 2,300 zapitazo, sanatchule chitsulo. Iye analangiza kuti pamalo poimirira kavalo pathiridwe miyala yobulungira kuti ziboda zikhwime. Aroma ankamangirira nsapato zovula kumapazi a nyama zawo pakafunika kutero. Chitsulo chokhoma chinafala ku Ulaya zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo mu 1835 Henry Burden wa ku Troy, m'chigawo cha New York, anatulukira makina osulira zitsulo za akavalo. Otsutsa chitsulo amati kuyambira pamenepo anthu ankangokhoma chifukwa aliyense akukhoma, osafunsanso ngati kavalo uyu kapena uyo akuchifuna. Amaloza ku Mongolia, kumene akavalo ambiri mpaka lero amayenda mitunda italiitali osavala kanthu. Ifenso tikudziwa abulu okoka ngolo m'maboma a Dedza ndi Lilongwe, amene msomali sunalowepo m'ziboda zawo.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ya mmene phazi limagwirira ntchito. Chiboda si chinthu chouma gwa. Kavalo akaponda, zidendene zimatanuka pang'ono, frog imakhudza pansi, mtsamiro wa minofu umene uli pamwamba pake umafinyika, magazi n'kukankhidwa m'timitsempha. Akanyamula mwendo zonse zimabwerera m'malo. Robert Bowker wa ku Michigan State University wakhala akusonyeza kuti mbali yakumbuyoyi ndi imene imameza mphamvu yambiri ya kugunda kwa phazi, ndipo kuti imakhwima ikamagwiritsidwa ntchito. Chitsulo chimatukula phazi kuchoka pansi, kulemera kwambiri n'kutsamira pakhoma, frog n'kumangolendewera. Pamsewu wa tala chimawonjezeranso kunjenjemera kokwera m'mwendo. Dandaulo limeneli si la lero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, dokotala wa ziweto wa ku London, Bracy Clark, ankaumba zikombole za ziboda za kavalo mmodzi wamkazi chaka ndi chaka, n'kusonyeza mmene zinkapanikizikira atayamba kuvala zitsulo.

Amene anadzutsa nkhaniyi m'nthawi yathu anali mmisiri wokhoma zitsulo yemwe. Pakati pa 1982 ndi 1986, Jaime Jackson ankapita ku Great Basin, dera louma la kumadzulo kwa America, kukayang'anitsitsa akavalo akutchire otchedwa mustang. Anapeza ziboda zazifupi, zochindikala, zobulungira m'mphepete chifukwa chokhulidwa ndi miyala. Anafalitsa zimene anaona m'buku lake la mu 1992, The Natural Horse, ndipo iye mwini analeka kukhoma zitsulo. Kawengedwe kamene ambiri amatsatira lero kanachokera kumeneko: kufupikitsa khoma kuti lingopitirira pang'ono pansi pa chiboda, kubulungiza m'mphepete kuti lisang'ambike, ndi kusiya pansi pa phazi kuti pachindikale pokha. Pete Ramey wa ku Georgia, amene mabuku ake awerengedwa ndi eni akavalo ambiri, anatsindika kwambiri mfundo yomalizayi, kuti pansi pamoyo pa chiboda si posema.

Akawauza kuti zimenezi n'zoyenera akavalo ongodya msipu, iwo amatchula akavalo a ntchito. Apolisi okwera akavalo a mumzinda wa Houston, ku Texas, anayamba kuzula zitsulo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo akavalo awo anapitiriza kulondera m'misewu ya tala ndi simenti. Pa masewera a Olympics a ku Tokyo, amene anachitika mu 2021, dziko la Sweden linapambana mendulo ya golide pa mpikisano wa magulu wolumpha zotchinga, ndipo awiri mwa akavalo atatu a gululo, All In wa Peder Fredricson ndi King Edward wa Henrik von Eckermann, analumpha opanda zitsulo. Fredricson anatenganso siliva payekha, ndipo chaka chotsatira King Edward anakhala katswiri wa dziko lonse ku Herning, ku Denmark. Amene ankati kavalo wopanda chitsulo sangapikisane pamwamba anasowa chonena.

Pa funso la mwini kuwenga yekha, mbali iyi ili ndi mfundo yomveka. Kutchire chiboda chimadyeka pang'onopang'ono tsiku lililonse, pomwe kukhola chimakula kwa milungu 6, n'kuyamba kutambasuka ndi kung'ambika, kenako mmisiri n'kudzachotsa zonse tsiku limodzi. Mwini amene amapala pang'ono ndi tupa mlungu uliwonse amasunga phazi pa msinkhu umodzi, kavalo osasinthasintha kapondedwe. Mwini amagwira phazilo tsiku ndi tsiku, choncho amamva msanga likatentha, likanunkha kapena likayamba mng'alu. Ndalama nazonso zimapulumuka, pakuti kuwenga n'kotchipa kusiyana ndi kukhoma zitsulo zinayi. Ndipo pali anthu okhala kutali kwambiri ndi mmisiri, amene kusankha kwawo kuli pakati pa kuphunzira okha ndi kusiya ziboda zikule mpaka kupindika.

Akuti chitsulo ndi mmisiri zikhale

Amisiri amayankha kuti chitsulo sichinabadwe chifukwa cha ulesi kapena nkhanza. Chinabadwa chifukwa cha masamu osavuta: ntchito ikamadya chiboda mofulumira kuposa mmene chikukulira, kavalo amatsimphina. Kavalo wokoka ngolo pamsewu wa tala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena wonyamula munthu wolemera pa miyala yakuthwa, sangadalire mamilimita 10 a pamwezi. Chitsulo chimaperekanso pogwirira, chifukwa chimatha kuikidwa timano toletsa kuterereka pa kapinga wonyowa kapena pa madzi oundana, pomwe kugwa kungathyole mwendo wa kavalo ndi khosi la wokwera. Chilinso mankhwala. Pali zitsulo zosulidwa mwapadera zogwira khoma long'ambika, zochirikiza fupa losweka la m'chiboda, kapena zopepuza kavalo wodwala laminitis, matenda amene amafooketsa timinofu tija tolumikiza fupa kukhoma mpaka fupalo kupendekeka kapena kutsika. Amakumbutsanso kuti akavalo ena, monga a mtundu wa Thoroughbred, anthu akhala akuwasankha chifukwa cha liwiro, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi mapazi opyapyala pansi.

Kenako amagwedeza mwala wapangodya wa mbali inayo, kavalo wakutchire. Brian Hampson ndi Chris Pollitt a ku University of Queensland anatsatira akavalo akutchire a ku Australia, otchedwa brumby, powaveka makina a GPS. Anapeza kuti amayenda pafupifupi makilomita 16 patsiku, ndipo ena amapezeka pa mtunda wa makilomita 55 kuchokera pamadzi. Kavalo wa m'kampanda kakang'ono sayandikirako n'komwe. Atapima mapazi a akavalo 100 otere, pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, anaona kuti kulibe chiboda chimodzi chachilengedwe choti onse atengerepo, pakuti maonekedwe ake ankasiyana malinga ndi nthaka ya kumene kavalo ankakhala. Chodabwitsa kwambiri chinali chakuti ambiri anali ndi zizindikiro za laminitis yokhalitsa, kuphatikizapo a kumalo ouma amiyala, omwe ziboda zawo kunja zinkaoneka zosiririka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Komanso kutchire kavalo wa mapazi ofooka safika patali, ndiye amene wofufuza amawaona ndi opulumuka okha. Kavalo wa pakhomo sanadutse m'sefa imeneyo.

Chimene chimawawa kwambiri mbali imeneyi ndi akavalo amene anavulazidwa m'dzina la chilengedwe. Hiltrud Strasser, dokotala wa ziweto wa ku Germany, anaphunzitsa kawengedwe kotsitsa kwambiri zidendene ndi kusema pansi pa chiboda kuti phazi lizitanuka mokwanira. Mu 2006 makhoti a ku Britain anapeza anthu ena otsatira njirayi olakwa pa mlandu wozunza nyama, ndipo pa umodzi mwa milanduyo kavalo wamng'ono anachita kuphedwa kuti ululu umuthere. Wina anganene kuti njirayo inagwiritsidwa ntchito molakwika. Amisiri amati imeneyo ndiye mfundo yawo yeniyeni: njira imene ikufuna kusema pafupi ndi magazi siyenera kukhala m'manja mwa munthu wa maphunziro a masiku ochepa. Amadana kwambiri ndi chiphunzitso chimene chinamveka pakati pa otsutsa chitsulo ena, chakuti kavalo akamatsimphina kwa miyezi atazulidwa zitsulo, kapena akatuluka mafinya m'chiboda, ndiye kuti phazi likuchira. Chiphunzitso chotere chimatseka maso a mwini pa nthawi imene kavalo akufuna dokotala.

Za ku Tokyo amati n'zoona, koma tionetsetse. Akavalo aja ankalumpha pa mchenga wokonzedwa mwaluso, wosalazidwa pafupipafupi, ndipo ziboda zawo zinkasamalidwa ndi akatswiri. Palibe wophunzira amene anawenga King Edward. Ku Sweden komweko akavalo ambiri othamanga akukoka tingolo amapikisana opanda zitsulo, koma m'miyezi yachisanu oyang'anira mpikisanowo amaletsa zimenezi chifukwa njira zouma ndi kuzizira zimadya ziboda. Dziko lodziwa bwino kuthamangitsa akavalo opanda chitsulo likudziwanso malire ake.

Pa wongoyamba, amisiri amalankhula za zimene amakumana nazo akaitanidwa kukakonza zowonongeka. Munthu watsopano amakonda phazi looneka laukhondo, choncho amasema pansi mpaka payere, osadziwa kuti wachotsa chishango cha fupa. Amatsitsa zidendene kuti zifanane ndi chithunzi chimene waona pa intaneti, mitsempha ya kumbuyo kwa mwendo n'kukokeka. Popeza dzanja limodzi n'lamphamvu kuposa linzake, amapala mbali imodzi kwambiri, phazi n'kupendekeka, mfundo za mwendo n'kumalandira katundu mokhota. Zina mwa zolakwika zimenezi sizioneka mawa. Zimadzaoneka patapita miyezi, mwini ataiwala kale chimene anachita. Ndipo chimene chadulidwa sichimatidwanso, chimadikira kuti chimere. Munthu nayenso ali pangozi: kukhala chowerama pansi pa nyama ya theka la tani uli ndi mpeni wakuthwa m'manja kumafuna luso lodziwa poima ndi nthawi yosiya mwendo.

Amamaliza ndi umboni. Kafukufuku amene otsutsa chitsulo amakonda kutchula, wa Hilary Clayton ndi anzake wa mu 2011, anasonyezadi kuti kawengedwe kameneka kanasintha bwino mbali ya zidendene pa miyezi 16. Koma akavalo ake anali 7 okha, onse a mtundu wa Arabian. Pa maziko ochepa chonchi, amati, munthu sangamangepo lamulo la akavalo onse.

Pamene mbali ziwirizi zayandikirana

Pali zinthu zitatu zimene zafewetsa mkanganowu, ngakhale olimbana ena safuna kuvomereza.

Choyamba ndi jombo. Mu 1970 Neel Glass wa ku New Mexico anapanga Easyboot, nsapato yovala ndi kuvula, pofuna kuthandiza kavalo wake wodwala phazi. Lero jombo za labala ndi pulasitiki zilipo za mitundumitundu, zina zomangirira, zina zomata ndi guluu. Akavalo ovala jombo zomata apambanapo Tevis Cup, mpikisano wa makilomita 160 tsiku limodzi m'mapiri amiyala a Sierra Nevada ku California. Jombo imavomereza mfundo ya mmisiri, yoti phazi nthawi zina limafuna chitetezo, n'kuvomerezanso ya wotsutsa chitsulo, yoti chitetezocho sichiyenera kukhala chokhomerera usana ndi usiku. Ili ndi mavuto ake: ikakhala yosakwana bwino imanyula khungu kapena kuvuka m'matope, ndipo imafuna kuti chiboda chiziwengedwa pafupipafupi kuti chizilowamo.

Chachiwiri ndi chakudya. Mu 2007 ofufuza a ku Queensland anasonyeza kuti insulin ikachuluka m'magazi kwa nthawi, payokha imayambitsa laminitis mwa akavalo aang'ono athanzi. Lero madokotala amavomereza kuti laminitis yambiri imachokera ku vuto la insulin ndi timadzi tina ta m'thupi, ndipo msipu wanthete wodzaza shuga ndi kunenepa kwambiri zimakolezera. Kavalo amene akuopa timiyala miyezi ya msipu watsopano mwina vuto lake lili m'mimba, osati patupa. Apa otsutsa chitsulo ali ndi mfundo yamphamvu, chifukwa phazi lopanda chitsulo limaulula msanga kusamva bwino kumene chitsulo chikanabisa. Amisiri nawo ali ndi yawo, chifukwa wongoyamba akaona kavalo akutsimphina amathamangira kuwenganso, pomwe pakufunika kuyeza magazi ndi kujambula X-ray.

Chachitatu n'chakuti amisiri enieniwo amawenga akavalo ambiri osawakhoma chitsulo: ana, akazi oswana, okalamba, ang'onoang'ono okwera ana. Ku Britain n'chizolowezi chakale kuzula zitsulo za akavalo osakira nyengo yopuma kuti ziboda zibwerere mwakale. Mmisiri wabwino sanakhulupirirepo kuti kavalo aliyense afunika chitsulo chaka chonse.

Kumene ine ndaima

Pa funso loyamba ndili ndi otsutsa chitsulo. Msomali ukaboola khoma pazikhala chifukwa chimene mwini angathe kuchitchula: ntchito yakuti, nthaka yakuti, matenda akuti. Kavalo wokweredwa maola ochepa pamlungu, pamchenga ndi paudzu, nthawi zambiri alibe chifukwa chotero, ndipo masiku oyenda pamiyala jombo ingakwanire. Amene anakakamiza dziko kufunsa funso limeneli anachitira akavalo chinthu chabwino, ndipo anaphunzitsanso eni ake kuganizira za chakudya, kuyenda ndi malo ogona. Koma sindingalole kuti mfundo yabwinoyi isanduke chikhulupiriro chosagwedezeka. Pali akavalo amene, atayesedwa moleza mtima ndi anthu odziwa, amayendabe bwino atavala zitsulo, ndipo mwini wawo asachite manyazi kuitana wokhoma.

Pa funso lachiwiri ndili ndi amisiri. Kuti chitsulo n'chosafunika sizitanthauza kuti luso n'losafunika. Phazi lopanda chitsulo limafuna diso lakuthwa kuposa linzake, chifukwa palibe chophimba cholakwa. Munthu wongoyamba asayambire pa kavalo wodwala, wotsimphina kapena wongozulidwa kumene zitsulo, pakuti amenewa ndi amene amavutitsa ngakhale akatswiri, chonsecho ndi amene amakokera anthu ambiri ku njirayi.

Izi sizikutanthauza kuti mwini angopinda manja. Njira yoyambira ilipo, ndipo dongosolo lake ndi limene limateteza kavalo. Ayambe ndi maso. Azitsuka ndi kutokosa mapazi tsiku lililonse, aphunzire kumva kutentha kwa chiboda ndi kugunda kwa mtsempha wa kumbuyo kwa mfundo yapansi, azijambula zithunzi za phazi lililonse mwezi ndi mwezi kuchokera kumbali, kutsogolo ndi pansi. Aziyang'ana kavalo akuyenda pamalo osalala kuti aone ngati akutera bwino, chopondetsa phazi lonse kapena choyambira kuchidendene, osati chonyang'ama ndi kutsogolo. Aziphunzitsanso kavalo kupereka mwendo ndi kuima modekha, chifukwa palibe amene amawenga molunjika phazi limene likumukoka.

Zitsulo zizulidwe ndi mmisiri, pa nyengo imene nthaka ili yofewerapo ndiponso ntchito yachepa, dokotala atayamba waona kavaloyo ngati pali chokayikitsa. Jombo zikhale zitagulidwa kale tsikulo lisanafike. Tsiku lozula khoma lisafupikitsidwe kwambiri, pakuti mbali ya mabowo a misomali idzagumuka yokha. Kuwenga kwenikweni kwa miyezi yoyambirira kukhale kwa katswiri, kaya ndi mmisiri wolembedwa kaya ndi wowenga wa maphunziro odziwika amene mwini waona akavalo ake akuyenda. Mwiniyo aziima pambali, azifunsa chifukwa cha chilichonse chimene chachotsedwa ndi chimene chasiyidwa.

Chida chake choyamba chikhale tupa, pamodzi ndi magolovesi ndi chotchinga miyendo. Tupa limachotsa pang'ono, ndipo limapereka mpata wotsitsa phazi, kuyang'ana ndi kuganizanso. Ntchito yake yoyamba ikhale kubulungiza m'mphepete mwa khoma pakati pa maulendo a katswiri, ndipo katswiriyo akabwera aziona ntchitoyo n'kunena pamene papendekeka. Pulayala yodulira ibwere pambuyo pake, dzanja litakhazikika. Mpeni ukhale womaliza, ndipo kwa nthawi yaitali ntchito yake ikhale kungochotsa tizidutswa ta frog tolendewera tosunga dothi. Kumene kuli maphunziro olola kuyeserera pa mapazi a akavalo akufa, apite, chifukwa amene waona chiboda chitadulidwa pakati, n'kuona kuyandikana kwa fupa ndi nthaka, dzanja lake limapepuka.

Kwa okhala kutali ndi mmisiri aliyense, udindo ndi waukulu koposa. Iwowa ayenera kuyenda ulendo wokaphunzira kwa munthu wodziwa, azitumiza zithunzi kwa mphunzitsi wawo, ndipo pokayikira azisiya chiboda chili chachitali pang'ono. Chachitali chingapalidwe mlungu wamawa, chofupikitsa chimadikira miyezi. Mabungwe a amisiri nawo achitepo mbali yawo potsegula maphunziro aafupi a eni akavalo, pakuti kunyoza munthu wofuna kuphunzira kumangomukankhira kwa aphunzitsi oipa.

Pali muyeso umodzi umene mbali zonse ziwiri ziyenera kuugonjera, ndipo sufuna sukulu. Yendetsani kavalo panthaka yolimba musanagwire phazi lake, mumuyendetsenso pamalo omwewo mukamaliza. Ngati akuyenda monga poyamba kapena momasuka kuposa poyamba, ntchito yayenda bwino. Ngati wafupikitsa mapazi, akusankha poponda kapena akukana kutembenuka, chinachake chalakwika, kaya wowengayo ali ndi satifiketi kaya alibe, kaya buku lake likunena zotani. Pamenepo tupa liikidwe pansi, kavalo avale jombo kapena aime pofewa, ndipo aitanidwe munthu wodziwa kuposa amene wawengayo.